Sabata ya intaviyu ku Harare

Lamulungu usiku, ku Mabvuku

Ndafika bwino abale. Basi inanyamuka ku Blantyre kusanache, ndipo tatsika pa Roadport, m'kati mwa mzinda wa Harare, kutada kale. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 600 okha, koma tsiku limathera pa zipata: Mwanza, Zobue, kenako Cuchamano ndi Nyamapanda. Paliponse mutsike, mufole, mudinditse pasipoti, kenako mudikire kuti katundu wa amalonda atsitsidwe n'kukwezedwanso. Ku Tete kunatentha koopsa monga mmene kumachitira mwezi uno wa Okutobala, moti tikuwoloka Zambezi aliyense anali atangoti phee, ngakhale ana.

Chimene ndabwerera n'chakuti kampani ina yaikulu ya zaukadaulo, yokhala ndi maofesi m'maiko angapo a mu Africa, ikufuna anthu olemba mapulogalamu oyendetsa ndalama pafoni. Dzina lake sinditchula poti nkhani idakali pakati. Nditatumiza CV anayamba andiimbira foni kufuna kumva kuti ndine yani, ndagwirapo chiyani, ndipo ndikuyembekezera malipiro otani. Kenako anatumiza mayeso a pa intaneti, pa webusaiti yotchedwa HackerRank, okhala ndi wotchi pakona yowerengera nthawi. Atatha amenewo ndinacheza pa vidiyo ndi injiniya wawo mmodzi. Gawo lotsiriza amafuna munthu afike yekha ku ofesi, ndiye ndine pano.

Za mayeso a pa intaneti aja ndili nawo mawu. Ine ndinakalembera ku ofesi ya mnzanga komwe kuli jenereta ndi intaneti yodalirika. Nanga mnyamata wanzeru wa ku Mchinji kapena ku Nsanje, amene akudalira bandulo ya pafoni ndi magetsi oti atha kuzima nthawi ina iliyonse? Wotchi ija siyima chifukwa magetsi azima. Makampani amati mayesowa amaika anthu onse pa mlingo umodzi, koma alipo ambiri amene amagwa asanaonetse n'komwe zimene amadziwa, ndipo zimandipweteka.

Azakhali anadzanditenga okha pa Roadport. Iwo anabadwira konkuno, ndi mwana wa mng'ono wawo wa agogo anga aamuna. Atandiona anandigwira manja onse awiri: "Mwana wa achimwene! Mwayenda bwanji, kumudzi mwasiyako bwanji?" Chichewa chawo chimalowa Chishona apa ndi apo, koma n'chathu ndithu. Nsima ndadya ndi nyama ya ng'ombe yophikira pamodzi ndi masamba.

Lolemba

Lero linali tsiku lophunzira njira. Msuweni wanga, mwana wa azakhali amene akuphunzira za makompyuta pa koleji ina muno, anandiperekeza. Tinakwera kombi, ndiyo minibasi yakuno, kuchoka ku Mabvuku kukatsikira ku Fourth Street, kenako ina yopita komwe kuli ofesi ija. Ndinayang'ana wotchi ulendo wonse kuti mawa ndidziwe nthawi yodzukira. M'mawa msewu wa Mutare Road umadzaza, ndiye ndanyamula phunziro lakuti ndichoke kunyumba kukadali kachisisira.

Chimene chanditenga mtima kwambiri lero ndi ndalama. Kuno munthu amawerengera mitengo pawiri. Zambiri zimagulidwa ndi madola a ku America, koma palinso ndalama ya dziko lino, ZiG, imene inayamba mu Epulo 2024. Mu Seputembala chaka chomwecho banki yaikulu inaitsitsa mphamvu ndi maperesenti oposa 40, ndipo ife a ku Malawi tikudziwa kuwawa kwake, poti kwacha yathu inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chenji n'chosowa. Mayi wina wogulitsa nthochi anandiuza kuti ndingotenga nthochi zina m'malo mwa chenji, ndipo ananena ngati chinthu cha masiku onse.

N'chifukwa chake foni ndiyo chikwama cha anthu ambiri. EcoCash, njira yakuno yotumizira ndalama pafoni, inayamba mu 2011, ndipo munthu amangodina *151# monga mmene ife timadinira *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba. Nambala imodzi imatha kusunga madola padera, ZiG padera. Boma nalo limadula msonkho pa ndalama zotumizidwa motere, umene unakhazikitsidwa pa 2 peresenti mu 2018. Zonsezi ndinazilemba m'kope, chifukwa amene akufuna kulemba mapulogalamu a ndalama ayenera kudziwa mmene ndalamazo zimayendera m'manja mwa anthu.

Masana tinazungulira m'tauni pang'ono. Mitengo ya jakaranda yachita maluwa, ndipo pa Africa Unity Square pansi pangoti mbwee maluwa a pepo. Msuweni anandilowetsa mu Eastgate, nyumba imene inatsegulidwa mu 1996. Anaijambula ndi Mick Pearce, potengera mmene chiswe chimayendetsera mpweya m'chulu: usiku makoma amamwa kuzizira, masana mpweya wotentha umakwera n'kutulukira m'machumuni a padenga. Kunja kukuwotcha, m'kati muli kayaziyazi.

Madzulo magetsi anazima. Ndawerenga ndi nyali ya sola mpaka batire ya laputopu itatsala pang'ono kutha.

Lachiwiri

Lero linali tsiku la kulemba code, malangizo amene kompyuta imatsatira, pa bolodi. Anandipatsa kakhadi ka alendo kokoleka m'khosi, n'kundilowetsa m'chipinda chaching'ono cha magalasi, chokhala ndi bolodi yoyera, zolembera zitatu ndi botolo la madzi. Wondifunsa anali mtsikana wa msinkhu wanga, injiniya wa konkuno, ndipo mnzake ankamvetsera pa vidiyo ali dziko lina.

Funso lake linali lotere. Wapatsidwa mndandanda wa ndalama zonse zimene anthu atumizirana tsiku limodzi. Pa chilichonse pali wotumiza, wolandira, kuchuluka kwa ndalama ndi nthawi. Peza zonse zimene zikuoneka kuti zabwerezedwa, kutanthauza wotumiza yemweyo, wolandira yemweyo, ndalama zofanana, pasanathe masekondi 60.

Ndisanagwire cholembera ndinafunsa mafunso. Kodi mndandandawu wasanjidwa kale motsata nthawi? Ndi waukulu bwanji, ungakwane m'kompyuta imodzi? Madola 10 ndi ZiG 10 tiziwerenge ngati zofanana? Pa funso lomalizali mtsikana uja anamwetulira n'kulemba kanthu papepala. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo m'chipinda chotere mwambiwu umagwira ntchito kwenikweni, chifukwa funso amalipereka dala lili ndi mipata kuti aone ngati uiona.

Njira yoyamba yobwera m'mutu ndi kutenga chilichonse n'kuchiyerekeza ndi zinzake zonse. Imagwira, koma pa mndandanda wa zinthu 1 miliyoni ndiye kuti kompyuta iyerekeza maulendo pafupifupi 500 biliyoni. Ndinaitchula njirayi, ndinanena chifukwa chake siyingathandize, kenako ndinapita ku ina. Umadutsa mndandanda kamodzi kokha, uli ndi hash map, imene ili ngati kabuku ka m'kompyuta kopezeramo chinthu msanga ukadziwa kiyi yake. Wotumiza, wolandira, ndalama ndi mtundu wa ndalama umaziphatikiza kukhala kiyi imodzi, ndipo pa kiyiyo umasungapo nthawi imene unaiona komaliza. Ukakumana nayonso umangochotsera nthawi ziwirizo. Anandiuza ndilembe, ndinalemba m'chilankhulo cha makompyuta cha Python, kenako anati ndiyese ndi zitsanzo zanga: mndandanda wopanda kanthu, zitatu zotsatizana, ziwiri zosiyana masekondi 60 enieni. Pomaliza anafunsa kuti nanga ndalama zikamangobwera osaleka, hash map ija siidzadza? Tinagwirizana zomachotsa zonse zimene zapitirira mphindi imodzi.

Chimene ndikufuna anzanga amve ndi ichi. Nthawi yonseyi pakamwa sipayenera kutsekeka. Ife tinakula tikuuzidwa kuti pamaso pa akulu kapena aphunzitsi uyambe waganiza mwakachetechete, uyankhe pokhapokha watsimikiza. Ndi khalidwe labwino ndipo sindikulinyoza. Koma wofunsa uja sangaone za m'mutu mwako. Ukakhala zii mphindi zisanu, iye alibe cholemba, ndipo sangakuwongole ukayamba kusochera. Amafuna amve ukunena kuti "ndikuganiza zoyesa izi, koma ndikuona vuto apa". Ndinakonzekera zimenezi kunyumba polankhula ndekha uku ndikulemba, ndipo lero zandithandiza.

Gawo lachiwiri silinandisangalatse. Bambo amene anabwera anafika mochedwa, ndipo nthawi yambiri maso ake anali pa laputopu yake, akuyankha mauthenga. Funso lake linali la SQL, chilankhulo chofufuzira zinthu zosungidwa m'kompyuta, ndipo linali losavuta kwenikweni, koma kufotokozera munthu amene sakukuyang'ana kumafooketsa. Munthu wawoloka maiko awiri kudzakumana nawe, ulemu wochepa ndi kumumvetsera. Nanenso ndikuiyesa kampaniyi, ndiye ndasunga zimenezi mumtima.

Madzulo ndinakhala pakhonde ndi agogo, bambo awo a azakhali. Ali ndi zaka zopitirira 80, maso achita mdima koma mutu uli bwinobwino. Anabwera kuno mu 1959, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mzinda uno ukutchedwa Salisbury. Anandifunsa kuti, "Mdzukulu wanga, mabwana akowo akufunsa zotani tsiku lonse?" Nditawafotokozera anapukusa mutu. Iwo akuti anaima pa geti la nyumba ina ku Highlands, chitupa m'manja. Mzungu anayang'ana chitupa, anayang'ana manja awo, anafunsa ngati amadziwa kusita, basi mawa lake anayamba ntchito. Panalibe wowafunsa maganizo awo pa kanthu kalikonse, zaka zonse zimene anagwira. Akuti akuluakulu awo ena anabwera kale pa malole a ulere, amene boma la kuno linkatumiza kukatenga antchito. Mabvuku ndi Tafara anamangira anthu ngati iwowo, ogwira ntchito m'nyumba za azungu ku Highlands ndi ku Greendale, n'chifukwa chake mpaka lero kuno kuli a Phiri ndi a Banda ambiri, ndipo gule wamkulu amatuluka ndithu. Kumudzi tinkawatcha matchona. Nditakhala nawo pafupi ndikumva mmene amatchulira maina a midzi ndi mitsinje ya kwathu mosaphonya, ndinaona kuti mtima wawo sunachokeko.

Lachitatu

Tsiku lalikulu linali lero, ndipo ndabwerako wosangalala.

Gawo la m'mawa amalitcha system design. Sulemba code, koma umajambula mmene makina onse angagwirire ntchito limodzi. Anandifunsa ndi bambo wachikulire, wodekha, amene anangoti: "Mayi ali kumudzi, ali ndi foni ya mabatani. Akufuna kutumiza ndalama kwa mwana wake kusukulu. Tijambulire zonse zochitika kuyambira pamene wadina nambala."

Ndinayamba ndi USSD, njira ya nyenyezi ndi hashi ija, imene siifuna intaneti koma imaduka yokha munthu akachedwa kuyankha. Ndinajambula bokosi lolandira zimene mayi wadina, lina lotsimikiza PIN, lina losunga maakaunti, lina lotumiza SMS. Ndinati SMS isachedwetse ndalama, iziikidwa pa mzere n'kupita payokha, kuti ngakhale mauthenga atachuluka kumapeto kwa mwezi ndalama zisaime. Iye ankangogwedeza mutu. Kenako anaimirira, anatenga cholembera chofiira, anadula mzere umodzi pa bolodi n'kunena kuti: "Netiweki yaduka apa. Mayi walemba PIN, koma palibe uthenga wabwera. Atani?"

Yankho ndikulidziwa chifukwa ndaliona ndi maso. Mayi uja abwerezanso. Aliyense amabwereza. Ndipo ngati makina sanakonzedwe bwino, ndalama zipita kawiri, za ufa wa mwezi wonse zitapita nazo.

Apa ndinawauza za mayi wina wa kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba pafupi ndi kwathu ku Ndirande. Ali ndi kope lachikuto cholimba, lomangidwa ndi labala. Munthu aliyense akatumiza kapena kutapa ndalama, mayiyo amalemba tsiku, nambala ya foni, ndalama, ndi nambala yaitali ija yobwera mu uthenga, kenako kasitomala amasaina. Wina akabwera n'kunena kuti ndalama sizinafike, iye satumizanso msanga. Amatsegula kope, amayendetsa chala pa mzere, amafufuza nambala ija. Ndipo salemba pofufuta: akalakwitsa amalemba mzere wina pansi wokonza woyambawo. Ndinati makina athu achite chimodzimodzi. Pempho lililonse lipatsidwe nambala yakeyake lisananyamuke. Likafikanso kachiwiri ndi nambala yomweyo, makina asachotsenso ndalama, angobweza yankho loyamba lija. Akatswiri amati idempotency. Koma ngati mayi wayambiranso pachiyambi, pempho lake likhala ndi nambala yatsopano, ndiye pamenepo makina amufunse kuti, "Mwangotumiza kumene ndalama zomwezi kwa munthu yemweyu, mukufunadi kutumizanso?"

Tinakhalitsa pa nkhani ya buku la maakaunti. Tambala iliyonse yochoka kwa wina iyenera kulembedwa kuti yalowa kwa wina, mizere iwiri nthawi imodzi, ndipo ikakanika umodzi yonse iwiri isalembedwe. Ndalama imene ili pakati, yosadziwika ngati yafika, ikhale ndi chizindikiro chake, ndipo pakhale pulogalamu yobwera pambuyo kudzaimaliza kapena kuibweza. Usiku uliwonse buku la kampani liyerekezedwe ndi la banki imene imasunga ndalama zenizenizo. Anandifunsa za ndalama ziwiri za dziko lino, ndinati munthu mmodzi akhale ndi maakaunti awiri osasakanizika, ndipo posintha pazilembedwa mtengo umene wagwiritsidwa ntchito pa mphindi imeneyo, chifukwa mawa udzakhala wina. Za msonkho wa boma ndinati nawo ndi mzere wake m'buku, osati kanthu kochotsera mwakabisira. Nthawi inatha tikadali pa bolodi, ndipo bamboyo anajambula bolodiyo ndi foni yake asanafufute.

Ndikulemba zonsezi mwatsatanetsatane chifukwa ambiri a ife timalowa m'zipinda zotere tikudziona ochepa. Timawerenga mmene Google kapena Amazon amamangira makina awo, ndipo n'zofunika kuwerenga. Koma wopanga mapulogalamu amene anakula akuona netiweki ikuduka, ejenti zitamuthera ndalama zogwirira ntchito zija amati float, agogo akupempha mwana wa neba kuti awadinire foni, amadziwa zinthu zimene kampani yogwira ntchito mu Africa ikuzifuna kwambiri. M-Pesa inayamba ku Kenya mu 2007, ndipo luso la ndalama za pafoni lakulira kuno kwathu, pakati pa anthu athu.

Masana kunali mafunso a khalidwe. "Tiuze nthawi imene unasemphana maganizo ndi bwana wako." "Tiuze za ntchito imene inavuta, unatani?" Amafuna nkhani yeniyeni: zinali bwanji, udindo wako unali wotani, unachita chiyani, zinatha bwanji. Apanso chikhalidwe chathu chimatikoka malaya, poti kudzitchula wekha pa ntchito ya gulu kumaoneka ngati kudzikweza. Ndinapeza njira yake: ndinayamba ndatchula zimene gulu lonse linachita ndi kuyamikira anzanga, kenako ndinanena momveka mbali imene inali yanga. Sikunama, ndiponso sikulanda ulemu wa wina.

Lachinayi

Lero kunali kukumana ndi a ofesi yolemba antchito, mphindi zosakwana 40. Sanalonjeze kanthu. Akuti onse amene anandifunsa alemba malipoti awo payekhapayekha, kenako akumana n'kugamula, ndipo yankho libwera pa imelo.

Ndinafunsa zanga. Malipiro ndi a madola onse kapena gawo lina ndi ZiG? Ngati ndi choncho, amawasintha ndalama ikagwa? Chilolezo chogwirira ntchito kwa mlendo amachiyendetsa ndani, ndipo amalipira ndani? Nanga chithandizo cha kuchipatala? Usiku makina akavuta amadzutsidwa ndani, kangati pa mwezi? Mayi wa mu ofesiyo anayankha bwino zambiri, ndipo anati chilolezo amapempha ndi kampani, ine ndingopereka masatifiketi ndi mapepala ena. Ndalama ya basi akuti abweza ndikatumiza malisiti. Ndikadakonda akadamatumiziratu, chifukwa si aliyense angapeze ya ulendo wotere m'thumba mwake.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza azakhali akuchokera ku msonkhano wa amayi ku tchalitchi cha CCAP. Kuno kuli sinodi yakeyake ya Harare, ndipo nyimbo zambiri amaimba m'Chichewa. Akuti amayi onse andipempherera. Nditawauza azakhali za chilolezo anakhala kaye chete, kenako analowa m'nyumba n'kutulutsa chitupa chawo chakale chachitsulo, cholembedwa kuti ndi mlendo. Munthu wobadwira ku Harare, amene Malawi anangomuona pa maliro. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka kuti sangavote. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anawabwezera unzika, ndipo omwewo anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe. "Ukabwera, mwanawe, mapepala ako uziwasunga ngati maso," anatero. "Ife tinaona."

Mawu amenewo andikhala. Ntchitoyi ndikuifuna, sindibisa. Koma walira mvula walira matope: ndikaipeza ndiye kuti amayi ku Ndirande ndiziwaona mwa apo ndi apo, ndipo ndidzakhala mmodzi wa ambiri amene anaphunzira ku Poly n'kukagwiritsa ntchito nzeru zawo kunja. Agogo nawonso ankati akungopita zaka ziwiri.

Lachisanu

M'mawa ndathandiza kutunga madzi pa mjigo, poti ku Mabvuku madzi a m'mipopi ndi osowa. Pamzere ndinamva amayi awiri akukambirana m'Chichewa za mtengo wa feteleza, ndipo nditawapatsa moni anandifunsa za kwathu mpaka ndowa zinadzaza.

Kenako tinapita ku msika waukulu wa Mbare Musika kukagula zoti ndinyamule. Azakhali aumirira kuti nditenge Mazoe wa amayi ndi nsalu ya agogo aakazi.

Masana onse ndinali ndi msuweni. Amaliza sukulu chaka chamawa, ndipo code amalemba bwino kuposa mmene ine ndinkalembera pa msinkhu wake. Ndinamupatsa funso la Lachiwiri lija, nditamuimika pa khoma ndi choko. Analipeza yankho, koma mphindi khumi zoyamba anangoti duu, kuyang'ana khoma. Ndinamuuza kuti tiyambirenso, ulendo uno azindiuza chilichonse chimene chikubwera m'mutu mwake, m'Chichewa kapena m'Chishona momwe angafunire, Chingerezi chibwera pambuyo. Poyamba anachita manyazi, koma atazolowera anayamba kufunsa mafunso amene ine sindinawaganize n'komwe, monga zoti mawotchi a makompyuta awiri atha kusiyana ndi masekondi angapo.

Tagwirizana kuti Lamulungu lililonse madzulo tiziyesana pa WhatsApp, wina kufunsa wina kuyankha, mosinthana. Iye abweretsa anzake awiri a m'kalasi, ine ndiitana anyamata a ku ofesi kwathu amene akhala akundifunsa za ulendowu. Funso la sabata yoyamba ndamupatsa kale, la mayi wa foni ya mabatani uja, ndipo ndamuuza kuti asanajambule kanthu apite kaye akakhale ola limodzi pa kabenchi ka EcoCash pa mashopu a Kamunhu, aone zimene anthu amachita uthenga ukachedwa.